Kabuleta Si Bwato

Ana anga, inu munandidziwa ndili kale mmisiri, anthu akukankha njinga zawo zamoto kuchokera kutali kudzaima pakhomo pathu. Mwina mumayesa kuti ndinabadwa ndi sipanala m'manja. Ayi ndithu. Tsopano popeza ndapuma ndipo manja ayamba kunjenjemera, ndati ndilembe mmene ndinaphunzirira chinthu chimodzi chimene chandidyetsa moyo wanga wonse, ndi mmene chinatsala pang'ono kutichotsetsa ntchito tsiku limodzi, ine ndi agogo anu a Zuze. Za ubwana wanga kwa Tengani ndizilumpha. Ndinkaweta mbuzi ndi kuingitsa mbalame m'mapira ngati mwana wina aliyense.

1918 mpaka 1920: pa sitima ya pamadzi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa sitima ya pamadzi imene inkanyamula katundu mu Shire. Ndinali wothira mafuta. Tsiku lonse ndinkakwawa pakati pa makina ndi kabotolo ka mlomo wautali, thukuta lili kamukamu, ndipo mkulu wa makinawo ankadziwa liwu limodzi lokha la Chinyanja: "Thira!" Kumeneko ndinaphunzira kuti chitsulo chouma chimadyana chokha. Ndinkadziona ngati katswiri, chonsecho ndinkangodziwa kunyowetsa zinthu basi. Katundu wambiri atasamukira pa njanji anatiuza kuti tizipita kwathu. Ndinabwerako ndi malaya awiri ndi mpeni, koma chaka chomwecho ndinakwatira mayi anu Malita, n'kukamanga nyumba kuseri kwa nyumba ya makolo awo ku Nsanje, kumene azungu ankakutcha Port Herald.

1921: kulowa ntchito ya thonje

Apongozi anga a Zuze anali kapitawo pa kampani ina yogula thonje. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wosadziwa bodza. Asanakhale kapitawo ankasema mabwato, ndipo mpaka imfa yawo chinthu chilichonse ankachiyeza ndi bwato, kaya ndi nyumba, kaya ndi ukwati. Inu a masiku ano mumaseka ndi apongozi anu pa mphasa imodzi. Nthawi yathu mkamwini sankawayang'ana m'maso, sankakhala nawo pafupi, ndipo kuwatsutsa kunali kosayerekezeka n'komwe. Kwa ine zinanyanya, chifukwa iwo omwewo ndiwo anandipemphera ntchito kwa mzungu, iwo omwewo ndiwo ankandiyang'anira.

Mzungu wathu tinkamutcha Kafumbi, chifukwa akamachokera kwa Mbenje tinkayamba kuona fumbi, kenako kumva phokoso, mwini wake n'kutulukira pomalizira. Sanali woipa mtima kwenikweni, koma anali wa phuma, ndipo njinga yake yamoto ankaikonda kuposa anthu. Inali ya lamba wachikopa kumbuyo, ndipo ana ankaithamangira akukuwa kuti mthuthuthu. Atamva kuti ndinagwirapo makina a sitima anandipatsa kuti ndiziisamalira: kupukuta, kuthira mafuta, kumata machubu amene minga inkaboola tsiku ndi tsiku. Petulo ankabwera m'zitini pa njanji kuchokera kunyanja ya mchere, ndipo nthawi zina tinkakhala mwezi wathunthu tikungoyang'ana kusiteshoni. Dontho lililonse linali ngati mankhwala.

M'Disembala mvula inagwa, misewu ya makande inasanduka phala, madzi anadzaza m'madambo. Kuyambira pamenepo mpaka Epulo njinga sinkayenda, ndipo tinailowetsa m'shedi ya malata. Tsiku lomwelo a Zuze anaima pakhomo pa shediyo, manja kumbuyo, n'kundifunsa:

"Akamwini, mwadiya ukausiya pamtunda wouma umatani?" Mwadiya ndilo bwato m'Chisena chawo.

"Umang'aluka, bambo."

"Pyadidi, mwayankha bwino. Nanga ichi si mwadiya wa mzungu? Chikagona chouma ching'aluka m'kati. Loweruka lililonse muzichipatsa chakumwa."

Sindinaone cholakwika. Munthu aliyense wa m'mbali mwa Shire amadziwa kuti bwato lopuma umalimiza m'madzi, ndipo ine wa pa sitima ndinali ndi "Thira!" wanga m'mutu. Tsono ndikuuzeni za kabuleta, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ndi kachitsulo ka mkuwa kokula ngati nkhonya, kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya injini isanamwe. Kali ndi kachikho kosungira petulo pang'ono, ndi kabowo kopyapyala ngati ka singano kamene petuloyo amadutsamo. Loweruka lililonse ndinkatsegula kampopi ka pansi pa thanki, n'kudinikiza kabatani mpaka kachikho katadzaza, petulo n'kudontha pansi. Kutentha kwa m'shedi ya malata ku Nsanje inu mumakudziwa. Pofika Lachiwiri kachikho kankakhala katauma gwa, ndipo Loweruka ndinkadzazanso. A Zuze ankawerama n'kugwira dothi lonyowalo ndi chala, n'kunena kuti, "Chikumwa bwino." Ine ndinkapita kunyumba ndili wonyada.

Epulo 1922: tsiku la manyazi

Misewu itauma Kafumbi anafuna kupita kwa Tengani kukaona minda ya thonje. Ndinaitulutsa njinga ikunyezimira ngati yatsopano. Anaponda kamodzi, zii. Anaponda kakhumi, nkhope n'kufiira ngati tsabola. Tinaikankha anthu anayi kukafika kumsika ndi kubwerako, iye ali pamwamba, amayi ogulitsa nsomba akugwa ndi phwete. Sinatsokomole n'komwe. Tsiku limenelo anapita pa machila, ndipo amuna amene anali ataiwala kunyamula mzungu pa phewa anatiyang'ana ndi maso oti tikakumana. Asananyamuke anaitana a Zuze pamaso pa antchito onse, n'kuwalozera chala ndi Chinyanja chake chothyokathyoka:

"Iwe Zuze, na mkamwini wako. Chaka cha mawa njinga ikafa, nonse awiri kupita. Palibe kulankhula."

Zinandiwawa kumva munthu wa imvi akutchedwa iwe pamaso pa anthu amene ankawalamulira. Koma choopsa chinali china. A Zuze anali atakalamba, msana wawo sukanalolanso khasu kapena kasemasema, ndipo ntchito yawoyo ndiyo inkadyetsa nyumba zitatu. Ine ndikanatha kukafuna ina kwina, koma iwo akanakhala pansi mpaka kalekale.

Meyi 1922: kwa fundi ku Chiromo

Kafumbi anandituma ndi kabuleta ija, nditaikulunga m'nsanza, kwa fundi wina Mmwenye amene ankakonza makina ku Chiromo. Anali munthu wowonda, wa magalasi omanga ndi ulusi. Anaimasula pang'onopang'ono, n'kundionetsa m'kati. Munali zinthu zachikasu zosakanikira ndi zobiriwira, zomata ngati utomoni, ndipo kabowo kaja kanali katatsekeka kotheratu.

"Ndani ankathira petulo njinga itaima?" anandifunsa.

"Ine," ndinayankha chifuwa chili patsogolo. "Loweruka lililonse, osalumpha."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuvula magalasi kupukuta misozi. Atapuma anandikhazika pa bokosi n'kundiuza kuti petulo akauma sachoka yense. Wopepuka amauluka, wolemera amatsalira pamodzi ndi litsiro la m'chitini. Ukadzaza kamodzi umasiya utomoni pang'ono, ukadzaza kakhumi wausanjikiza kakhumi. Pomwepo ndinakumbukira amayi anga akuphika mchere wa dothi, madzi akuphwa, mchere n'kutsala pansi pa phale. Ndinagwira pakamwa. Miyezi inayi yathunthu ndinali ndikuphika utomoni ndi manja angawa, n'kumadzitama nazo.

Fundi uja sanandimane nzeru. Anati njinga ikati ipume nthawi yaitali, uyambe wailiza, kenako utseke kampopi injini ikulira, uisiye imwe zonse za m'kachikho mpaka izime yokha. Ukatero umasule kachikho, ukhuthule zotsala, upukute ndi nsalu yoyera. Kabowo kaja uziuziramo ndi pakamwa, usayerekeze kutokosamo ndi waya, chifukwa ukakakulitsa njinga idzamwa petulo ngati chidakwa. Kukamwa kolowera mpweya umangepo kansalu, kuopa fumbi ndi mavu aja omanga nyumba zadothi. Petulo wa m'thanki umubwezere m'chitini n'kutseka zolimba. M'kati mwa injini uthiremo supuni ya mafuta, ndipo sabata iliyonse uziponda kangapo kampopi kali kotseka, kuti zitsulo zisagwirane. Tsiku loidzutsa, petulo uyambe wamusefa pa nsalu.

"Chikopa chimafuna mafuta, chitsulo chimafuna mafuta," anatero akundipatsa kabuleta yoyera mbee. "Koma iyi imafuna kugona ndi njala."

Nditabwerera a Zuze anandifunsa zimene fundi wanena. Apa ndivomere, ndinachita mantha. Ndinangoti, "Watsuka, bambo." Chilimwe chonse njinga inayenda bwino. Kafumbi anayamba kunditenga kumbuyo kwake pa maulendo, mpaka kwa Kasisi ku Chikwawa, ndipo kumeneko ndi kumene anandilola kugwira chiwongolero koyamba. Ndinkadziuza kuti nkhani ija ndidzainena mawa, ndipo mawa lakelo linafika mvula itagunda.

Disembala 1922: kukana

Kafumbi anakwera sitima ya pamtunda kupita kumapiri kukathawa kutentha, n'kunena kuti adzabwera m'Epulo. Titalowetsa njinga m'shedi, a Zuze anaima pakhomo paja monga kale.

"Akamwini, ndaganiza bwino za chaka chatha. Tinkachimana. Kamodzi pa sabata n'kochepa ndi dzuwa la kuno, n'chifukwa chake chinauma m'kati. Chaka chino muzithira kawiri, Lachitatu ndi Loweruka."

Ndikawamvera, ndiye kuti ndawachotsetsa ntchito ndi ulemu wanga womwewo. Ndinapita kunyumba n'kuwapeza mayi anu akupeta mapira, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira kwa fundi. Ndinati mwina ndizingothira petulo pansi kuti dothi linyowe, iwo aziyesa ndathira. Kapena ndilembere mzungu kalata kuti lamulo lichokere kwa iyeyo. Mayi anu anaika lichero pansi.

"Mukawanamiza, tsiku limene adzadziwe simudzayang'anana nawonso. Mukakawanenera kwa mzungu, mukafune kwina kodyera. Bambo anga samva za m'kamwa mwa mwana, koma zimene agwira ndi chala chawo sazikana."

Mawu amenewo ndinayenda nawo masiku awiri. Lachitatu m'mawa a Zuze anabwera ku shedi, ndipo panalinso amuna awiri osoka matumba a thonje. Ndinanjuta patali pang'ono, maso pansi, n'kuomba m'manja.

"Bambo, mundikhululukire. Sindithira."

Osoka matumba aja anaimitsa singano.

"Mwati ninji, akamwini?"

"Ndati sindithira, bambo. Fundi anandiuza kuti kuthirako ndiko kunapha njinga, ndipo ine ndinakubisirani chifukwa cha mantha. Ndikupempha masabata atatu okha. Petulo amene ndikanathira m'kachikho ndizimuthira m'chivundikiro ichi cha chitini, masiku omwewo, m'shedi momwemuno. Chikakhala choyera, ndidzathira kanayi pa sabata, ndipo ndidzabwera ndi mbuzi pakhomo panu kudzapepesa."



"Ndinayamba kusema mabwato inu musanamere mano," anatero a Zuze. "Lero Mmwenye wa ku Chiromo wakhala apongozi anu. Pyadidi."

Anatembenuka n'kumapita. Mwayi wanga unali wakuti a Zuze, ngakhale ankailamulira njingayo, sanayambe aikhudzapo ndi dzanja. Ankaiopa ngati ng'ona yogona. Choncho sakanatha kuthira okha, ndipo kutuma munthu wina kukanakhala kulengeza kuti mkamwini wawagonjetsa. Tsiku lomwelo ndinailiza njinga m'shedi, ndinatseka kampopi, inalira pang'ono n'kuzima yokha. Ndinachita zonse monga fundi ananenera.

Masabata atatu amenewo anali aatali kuposa chaka. Ndikapereka moni, a Zuze ankayankha mbuzi imene ili pafupi. Apongozi aakazi analeka kutitumizira ndiwo. Mayi anu ankayenda pakati pa nyumba ziwirizo nkhope ili gwa, osadandaula, koma ndinkaona kuti zikuwadya. Choipitsitsa n'chakuti sabata yoyamba chivundikiro chija sichinaonetse kanthu, kungoti mbuu pang'ono. Ndinayamba kudzifunsa ngati fundi sanangofuna kundiseka. Ndinali nditanyoza munthu wamkulu pamaso pa anthu, ndipo umboni wanga unali kachitsulo kopanda kanthu. Sabata yachiwiri munayamba kuoneka chikasu m'mbalimbali. Pofika yachitatu, tinyerere tiwiri tinali titakanirira pakati, tikulephera kuchoka.

Loweruka lomaliza a Zuze anabwera okha, opanda mboni. Anawerama, anapaka chala m'chivundikiro, n'kukanikiza chalacho ndi chachikulu. Polekanitsa, zalazo zinakakamirana. Ananunkhiza, anayang'ana kabuleta, anayang'ananso zala zawo. Ndinadikira kuti anene kuti ndinalondola, koma amene anawadziwa agogo anu akudziwa kuti ndikanadikira mpaka lero.

"Nanga lamba?" anafunsa. "Nayenso mumusiya ndi njala?"

"Ayi bambo. Lamba ndi chikopa. Pamenepo munanena zoona, akauma amang'aluka ngati bwato."

"Eya," anatero akudzuka. "Lamba ndi wanga."

Lolemba anabwera ndi kansupa ka mafuta a nsatsi, n'kugwada kumbuyo kwa njinga kupaka lamba ndi manja awo, akuiyang'ana cham'mbali kuopa kuti ingadzuke. Ndiwo zinayambanso kubwera kunyumba. Komabe chivundikiro si njinga, ndipo tonse awiri tinkadziwa kuti mlandu weniweni udzaweruzidwa m'Epulo. Sabata iliyonse ndikamaponda injini youmayo, iwo ankaima pakhomo n'kumamvetsera ngati m'kati mukung'aluka.

Epulo 1923: kuidzutsa

Kafumbi anabwera atanenepa, ndipo asanalowe n'komwe m'nyumba anati njinga ituluke. Antchito onse anasiya zimene ankachita. Ngakhale amuna a machila anabwera kudzaima chapatali, mitengo yawo ili pafupi. Nditamasula kansalu ka kukamwa kwa kabuleta ndinapeza mavu atamanga nyumba ziwiri pamwamba pake, ndipo ndinathokoza fundi uja mumtima. Ndinasefa petulo pa nsalu, ndinathira m'thanki, ndinatsegula kampopi, n'kudinikiza kabatani mpaka dontho litagwa. Ndinkadziwa zimene ndinachita. Amene ndinkawaopera ndi a Zuze, amene anaima chipewa chili m'manja, milomo ikuyenda popanda mawu.

Kafumbi anaponda kamodzi, njinga inatsokomola. Anaponda kachiwiri, inabangula, utsi n'kudzaza bwalo. Amayi a kumsika anamva ali komweko. Anazungulira bwalo kawiri, nkhuku zikubalalika, n'kudzaima patsogolo pa apongozi anga.

"Zuze! Chaka chino wachita chiyani?"

Ine ndinali nditakonzeka kukhala chete. Ulemu wa ntchito yabwino umapita kwa kapitawo, ndipo ndinkafuna kuti upite kwa iwo. Ndinayang'ana pansi kudikira kuti angoti "Tasamala, bwana," nkhani ithe.

"Bwana," anatero a Zuze ndi mawu awo aakulu aja, kuti aliyense amve, "ine ndinalamula kuti tizithira petulo kawiri pa sabata. Akamwini angawa anakana. Akanandimvera, lero mukanakwera machila."

Ndinaona ngati adzichotsa okha ntchito imene ndinavutikira kuwasungira, ndipo ndinawakwiyira mumtima chifukwa cha kusadziwa bodza kwawoko. Kafumbi anayang'ana iwo, anayang'ana ine, injini ikugunda pansi pake. Kenako anakweza mapewa.

"Chabwino. Mawa kwa Tengani, m'mamawa. Zuze, matumba akhale okonzeka."

Anachoka ndi fumbi lake. Umo ndi mmene tinadziwira kuti ntchito ikadalipo, ya tonse awiri.

Anthu atabalalika, a Zuze anatsala pakhomo pa shedi. Anavala chipewa, anachivulanso.

"Akamwini," anatero osandiyang'ana, "mvula ikubwerayi, kachikho kaja ndidzamasula ndine. Mundisonyeze. Koma pang'onopang'ono, maso angawa ndi akale."

Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndipo ndinanamizira utsi. Njinga itabwerako masana amenewo n'kuzizira, ndinawasonyeza. Zala zawo zinali zonenepa, zozolowera kasemasema, ndipo kanati kakang'ono komangira kachikho kanawagwa m'fumbi katatu. Katatu konse ndinakatola, ndinakapukuta, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anagwira ntchito pa kampani ija zaka zina zisanu mpaka anamwalira ali kapitawo, ndipo njinga ija sinakanenso kudzuka m'Epulo. Ndaphunzitsa anthu ambiri ntchito imeneyi, ena lero ali ndi magalaja awoawo. Woyamba anali agogo anu, ndipo ndi iwo okha amene ndinawaphunzitsa nditagwada.